Chigoba cha alamu chinang'aluka, diso linatsala

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kuwaphulitsa diso alamu anga. Ndaona kuti ndiulule ndekha pano, chifukwa ndikapanda kutero achemwali anga aulula m'malo mwanga, ndipo iwo nkhani saichepetsa.

Alamu angawo ndi a Fedisoni, amuna awo a achemwali anga a Esinati. Amawotcherera zitsulo pa Neno Boma, kuseri kwa msika, m'kashedi ka malata komwe phokoso lake mumayamba kulimva musanakaone. Mafelemu a mawindo, zitseko, mabedi, mbaula, zonsezi zimatuluka m'manja mwawo.

Tsikulo ndinali pa ulendo wa ku Blantyre. Mpope wanga wothirira m'dimba kwathu ku Magaleta unali utawonongeka, ndipo kachitsulo kofunika kusintha kanali katagwirana ndi dzimbiri moti sikankamasuka. Ndinkafuna alamu akadule kuti ndikatenge m'chikwama, ndikawaonetse ogulitsa ku Limbe andipatse kofanana nako. Minibasi inali itatsala anthu awiri kuti idzaze. Kondakitala ndinali nditamuuza kale kuti andisungire mpando wa kuwindo.

"Alamu, ndi kachitsulo kamodzi basi," ndinatero ndikufika. "Dulani msanga, minibasi indisiya."

"Mwadzuka bwanji alamu?" anandiyankha a Fedisoni, kundikumbutsa kuti sindinapereke n'komwe moni. "Khalani pansi, ndivale kaye."

Kuvala kwa a Fedisoni ndi mwambo. Amayamba ndi ovolosi, n'kumanga mabatani mpaka pakhosi. Kenako magolovesi achikopa. Kenako magalasi otchinga maso. Pamwamba pa zonsezo amatsitsa chigoba choonekera chomwe chimaphimba nkhope yonse kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano. Sathamanga. Ine ndinkamva hutala ya minibasi ikulira kusiteji.

"Kodi alamu mukukafula njuchi?" ndinawafunsa. "Kachitsulo kochepa ngati chala mpaka kuvala chonchi? Tavulani zimenezo mungodula."

Anamanga mpope wanga pa benchi, n'kunyamula gilayinda, makina aja odulira zitsulo okhala ndi chimbale chozungulira mwaliwiro. Atatero anandiyang'ana. Ine ndinali nditatsamira mzati wa bulugama pafupi ndi benchilo.

"Chokani pamenepo. Kaimeni kuseri kwa chitseko icho."

"Aa, ine ndili bwino pompano."

"Ndiye sindiyatsa. Minibasi ndi yanu."

Ndinachoka ndikung'ung'udza. Makina analira, moto wa tizitsulo unayamba kuthetheka. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kumeza malovu kawiri. Ndinangomva phwaa! ngati mfuti, malata a shedi n'kulira ngati wina wawaponyera miyala yodzaza dzanja.

Kenako zii.

Nditasuzumira ndinaona a Fedisoni ataima chilili, gilayinda ili m'manja, chimbale chake chitatsala theka. Chigoba cha kumaso chija chinali chitang'aluka kuchokera pachipumi mpaka patsaya. Pakati pa mng'aluwo, moyang'anizana ndendende ndi diso lamanzere, panali patazikika chidutswa cha chimbale, chachikulu ngati lezala.

Chidutswa china tinachipeza pambuyo pake. Chinali chitalowa mu mzati wa bulugama uja, pamene panali phewa langa.

Ndinakhala pa chidebe chakale cha penti. A Fedisoni ndi amene anayamba kulankhula.

"Alamu, muli bwinobwino?"

Tangoganizani. Munthu chitsulo chamuima pakhomo pa diso, koma akufunsa za ine amene ndimamuuza kuti avule.

Mbiri pamsika imathamanga kuposa njinga yamoto. Anthu anadzaza pashedipo. Wina anali atathamangira kale kwa achemwali anga, omwe amagulitsa manachesi ndi mbatata ya kachewere mumsikamo, n'kuwauza kuti amuna awo makina awaphulikira kumaso. Anabwera akuthamanga opanda nsapato, chitenje chili m'manja. Anakankha anthu, n'kufika pamene panakhala amuna awo. Anawavula okha chigoba chija pang'onopang'ono, kenako magalasi. Pachibwano panali kabala kakang'ono pomwe m'mphepete mwa chigoba munawatema. Kumaso kunalibe kanthu.

"Bambo a Tamanda, ndiyang'aneni. Zala zingati izi?"

"Zitatu."

"Tsekani lakumanjalo. Izi?"

"Ziwiri. Ndikuona, mayi a Tamanda. Ndikuona bwinobwino."

Achemwali anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira. Analira ndithu, mapewa akugwedezeka, amayi anzawo akuwagwira. Atatonthola, mayi wina wogulitsa mandasi, yemwe anamva zonse kuyambira pachiyambi, anawanong'oneza kanthu. Achemwali anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Achimwene, ndamva kuti inu ndi amene mumati avule."

Ndinayang'ana pansi. Minibasi inapita ndi mpando wanga wa kuwindo, ndipo sindinaidandaule.

Kuti mumvetse mkwiyo wa achemwali anga, muyenera kudziwa mmene chigobacho chinafikira pankhope ya amuna awo. A Fedisoni sanabadwe osamala. Atangokwatirana kumene ankawotcherera ndi magalasi a dzuwa a pamsika, nthawi zina kungotsinzina basi. M'mawa ankadzuka maso ali psuu, akuti mukumveka ngati muli mchenga. Achemwali ankadula kachewere mopyapyala n'kuwaika pazikope kuti azizire. Ululu ukachepa, bambo ankabwerera kuntchito, mawa lake chimodzimodzi.

Kenako mnzawo wa ntchito yomweyi, a Layisoni, anataya diso.

Sabata yotsatira achemwali anakwera minibasi ndi madengu a manachesi kupita ku Limbe. Ananyamuka akuti akagula chitenje ndi nsapato za ku tchalitchi. Anabwerako opanda chitenje, opanda nsapato, atanyamula chigoba, magalasi ndi magolovesi.

Mukuganiza kuti alamu anathokoza? Anazipachika pamsomali. Zinakhala pamenepo miyezi iwiri zikusonkhanitsa fumbi. Ankati anzawo awaseka, ankati zimatentha, ankati mmisiri weniweni amadziwa kuzinda moto.

Tsiku lina m'mawa a Fedisoni anafika kuntchito n'kupeza chingwe chokokera magetsi kulibe. Anafunafuna shedi yonse. Kenako analandira uthenga pafoni wochokera kwa akazi awo: "Chingwe chili kuno pansi pa manachesi. Mukachifuna mubwere mutavala."

Anapita. Anadutsa msika wonse atavala chigoba, anthu akufa ndi phwete. Anatenga chingwe chawo. Kuyambira tsiku limenelo sanavulenso. Akuti manyazi onse anathera paulendo umodzi womwewo.

Lachiwirilo, anthu atayamba kubalalika, panafika a Layisoni aja. Masiku ano amasoka nsapato pakhonde la sitolo ina. Anapempha kuti agwireko chigobacho. Anachitembenuza, n'kuchiyandikiza kudiso lawo lotsalalo, chala chikutsata mng'alu uja mpaka pachidutswa.

"Changa chinali chochepa kuposa ichi," anatero. "Ngati njere ya mpunga. Ndinkangofuna kusalaza pakona pa felemu, kanthu ka mphindi imodzi. Mwini wake anali ataima pompo akundifulumizitsa."

Ine ndinkafuna nthaka itseguke.

"Anthu amaganiza kuti ndinalibe magalasi," anapitiriza a Layisoni. "Ndinali nawo. Anali m'thumba la malaya, apa."

Anagunda pachifuwa pawo kawiri, n'kubweza chigobacho, n'kubwerera ku nsapato zawo.

Mawu amenewo andisowetsa mtendere sabata yonse. Anali m'thumba.

Tiyeni tikambirane, abale anga. Kodi ndi angati mwa ife amene chodzitetezera chathu chili m'thumba?

Taonani akabaza a njinga zamoto amene amatitsitsa ndi kutikweza m'mapiri mwathu muno. Ambiri chisoti ali nacho. Koma chili kuti? Chili pachigongono, kapena chamangidwa kutsogolo kwa njinga ngati chokongoletsera. Chimakwera kumutu pokhapokha akamva kuti apolisi ali kutsogolo. Ndiye kuti mutu tikuuteteza kwa wapolisi, osati kwa mwala.

Lowani m'chigayo. Woyendetsa makina ali mbuu ngati wagwa m'thumba la ufa, nsidze zoyera, akutsokomola kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nsalu yotchinga pamphuno ili pakhosi. Pitani kumene amayi amaswa miyala yomangira nyumba m'mbali mwa msewu. Tizidutswa timauluka paliponse, maso ali pamtunda, mwana ali kumsana. Pitani pomwe akumanga nyumba, muone munthu akuponda simenti ndi mapazi osavala, madzulo n'kumadabwa kuti khungu lang'ambika bwanji.

Ndisamangoloza anzanga. Ine mwini, m'dimba mwanga muja, ndakhala ndikupopera tomato mankhwala nditavala kabudula ndi patapata. Mankhwala ndimasakaniza ndi kamtengo, koma kamtengo kakasowa ndaviikapo dzanja. Kamwa ka mpope wopopera mankhwala kakatsekeka ndimakachotsa n'kukapuzira ndi pakamwa panga. Inde, pakamwa pomwe ndimadyera. Ndikamaliza mutu umawawa, m'maso mumachita chizungulire, ine n'kumati ndi dzuwa. Pabotolo pamakhala zithunzi za munthu wovala magolovesi ndi jombo. Ndimaziona, ndipo ndimaganiza kuti anajambulira anthu a m'maesiteti.

Chimatigwira n'chiyani?

Ena anena kuti ndi umphawi, ndipo sindingawatsutse kwathunthu. Zinthuzi si zaulere. Mayi woswa miyala akapeza kangachepe amayamba waganiza za ndiwo, osati magalasi. Komanso sizipezeka paliponse. Munthu wa kutali ngati ku Midzemba sangakwere njinga tsiku lonse kukasaka magolovesi. Ena anena za kutentha, ndipo amene anavalapo ovolosi mwezi wa Okutobala kumunsi kwa mapiri athuwa komwe kumatentha kwambiri akudziwa kuti si bodza.

Koma umphawi sufotokoza chisoti cha pachigongono. Sufotokoza magalasi a m'thumba. Pamenepo pali china, ndipo dzina lake ndi manyazi.

Tili ndi chizolowezi choseka munthu wosamala. Wovala chisoti timati ndi wamantha. Wotchinga pamphuno timati akudzimva, akudziyesa dokotala. Mmisiri amene amagwira chitsulo chamoto ndi manja osavala timamutama kuti ameneyu ndiye mwamuna. Zipsera timaziwerenga ngati satifiketi. Tikaona wokhala ndi zala zonse khumi patatha zaka makumi awiri ali pa macheka, sitinena kuti ndi katswiri, timati ali ndi mwayi.

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ifenso tikufera kuuna, poopa kuti anthu atiseka. Koma oseka aja sabwera kudzakutsogolerani njira diso likapita. Funsani a Layisoni kuti mwa onse amene ankawatama kuti ndi mmisiri wolimba mtima, ndi angati amene amabweretsa nsapato kuti awasokere.

Ndiye palinso ife makasitomala. Apa ndi pamene ine ndinagwera. Timafika ndi changu chathu n'kuchisenzetsa munthu amene wagwira makina oopsa. Timamuuza wakabaza kuti athamange tachedwa. Timamuuza mmisiri kuti asataye nthawi ndi zovala. Ngozi ikachitika timagwira pakamwa n'kunena kuti zinalembedwa. Zinalembedwa ndi ndani? Lachiwiri lija, cholembera chinali m'manja mwanga.

Nawonso olemba anzawo ntchito asathawe. Mukamuitana munthu kuti adzakupopereni mbewu, adzakukumbireni chitsime, adzakukwerereni padenga, thupi lake lili m'manja mwanu tsiku limenelo. Simungamupatse botolo la mankhwala n'kumumana magolovesi. Mwini chigayo amene amagula lamba watsopano wa makina ake akhozanso kugula zotchinga pamphuno za munthu woyendetsa makinawo. Lamba akaduka amasinthidwa. Mapapo a munthu mukawagula sitolo iti?

Komatu sindinalembe izi kuti tilire. Zimene ndaona masiku otsatira zandipatsa mtima.

Lachitatu ndinapita ku Blantyre kuja. Achemwali anandiperekeza mpaka pasiteji, osati chifukwa cha chikondi ayi. Anafuna kundiuza ndili pampando kuti ndisabwerere ku Neno opanda chigoba chatsopano. Alamu anali atanena kale kuti gilayinda saigwiranso mpaka atapeza china, ngakhale ntchito zidikire. Ndinachipeza, ndinagula, ndipo ulendo wonse wobwerera ndinachifungatira pamiyendo ngati khanda, minibasi ikudumpha m'mabampu.

Nditakachipereka Lachinayi ndinapeza chakale chija atachikhomera pamzati panja pa shedi, chidutswa chili chizikikire. Sanalembepo mawu aliwonse. Anthu ankaima okha n'kumachiyang'ana. Ndili pomwepo panafika amisiri awiri a mashedi oyandikana nawo, omwe ankaseka kwambiri tsiku la chingwe lija. Mmodzi anayezera chidutswacho ndi chala, kenako anagwira diso lake.

"A Fedisoni," anatero, "kodi zimenezi zimapezeka pati?"

Alamu sanawakumbutse za kuseka kuja. Anangowafotokozera, n'kuwaonetsanso chotchinga chachitsulo chomwe chimakuta theka la chimbale pa gilayinda. Amisiri ambiri amachichotsa kuti chisawasokoneze. Alamu anati chikanakhala kuti panalibe, zidutswa zonse zikanabwera kwa iwo, osati chimodzi chokha.

Lachisanu ndinalowa m'sitolo ya a Sayidi, omwe amagulitsa misomali, penti ndi zipangizo zina pa Boma pano. Ndinawapeza akutseka kuti apite ku mzikiti, koma anandidikira.

"Magolovesi a labala muli nawo? Ndi zotchinga pamphuno?"

Anaseka. "Inunso? Kodi sabata ino kwagwanji? Magalasi otchinga maso ndinali nawo m'katoni umo kuyambira kalekale, ndinkangowapukuta fumbi. Dzulo atha onse. Ena atenga amayi awiri oswa miyala, akuti azibwerekana."

"Ndiye muitanitsa ena?"

"Ndatumiza kale uthenga. Kale ndinkaopa kuti ndiwononga malo pashelefu. Anthu akamafunsa, ife timabweretsa."

Magolovesi ndi zotchinga pamphuno zinalipo, ndinagula. Mwamva? Akamafunsa, amabweretsa. Mwina kusapezeka kuja n'chifukwa chakuti sitifunsa.

Sindikunama kuti Neno yasintha m'masiku anayi. Mantha a ngozi amazizira msanga, ndipo mwezi wamawa ena mwa magalasi amenewa adzakhala ali m'matumba. Koma ndaona kuti chimene chimasintha munthu si chikwangwani cha pakhoma. Ndi mnzake amene amamudziwa, amene wavala, amene wasekedwa, n'kupulumuka anthu akuona. Ndiponso ndi munthu wa kunyumba amene amakana kunyengerera. Achemwali anga sanaphunzire za chitetezo cha pantchito kulikonse. Anangotopa ndi kudula kachewere.

Loweruka ndinapita kumudzi kukapopera tomato. Ndinavala buluku lalitali, malaya a manja aatali, jombo zobwereka kwa msuweni wanga, magolovesi ndi chotchinga pamphuno. Ndinayamba m'mawa mphepo isanadzuke. Kunena zoona, thukuta linatsika mpaka m'jombo, ndipo kangapo konse dzanja linkafuna kukokera chotchingacho pakhosi.

Mnansi wanga wa dimba la kumtunda anali akupoperanso, ali pachifuwa pamtunda. Atandiona anatsitsa mpope wake n'kugwira m'mimba ndi kuseka. Kumudziko amanditchula kuti Aphunzitsi.

"Aphunzitsi, kodi mwayamba ntchito kuchipatala? Tomato yemweyu?"

"Yemweyu," ndinayankha, n'kupitiriza.

Nditamaliza ndinasamba ndi sopo, zovalazo n'kuzichapa pazokha, kutali ndi chitsime. Tsiku limenelo mutu sunawawe. Dzuwa linali lomwe lija la masiku onse.

Masana ndikumanga katundu panjinga, kunabwera akazi awo a mnansi wanga uja. Anayang'ana kumbuyo kaye ngati akuopa kuti wina awamva.

"Aphunzitsi, pepani. Magolovesi aja munagula kuti? Abambo kunyumbaku akapopera amasanza, chakudya osadya. Ndikawauza amati ndi malungo."

Ndinawauza sitolo yake. Ndinawapatsanso chotchinga pamphuno chimodzi chatsopano chomwe chinatsala m'chikwama. Anachipinda bwinobwino n'kuchimangirira pansonga ya chitenje.

"Akakana kuvala?" ndinawafunsa.

"Mpope umagona kuchipinda kwanga," anatero mayiwo. "Tiona."

Ndinapalasa njinga ndikuseka ndekha.

Nanga inu, mawa m'mawa mukamapita kuntchito, ndani kunyumba kwanu amene akudikira kuti mubwerere ndi maso onse awiri, ndipo mudzamuuza kuti munkaopa kusekedwa ndi yani?